Nyali ya Thalakitala ya Agogo Aikwecha Ngati Poto

Nyali ya thalakitala ya agogo anga aikwecha ndi sitiliwaya. Inde, sitiliwaya yemwe uja wotsukira mapoto. Atamaliza kuikwecha aipopera penti wa malata, n'kundipatsa m'manja akumwetulira, ati ndithokoze.

Zachitikira pa galaja ina yokonza magetsi a galimoto pa Chinakanaka. Dzina la galajayo sindilemba chifukwa amayi andiletsa, ndipo foni ndikulemberayi ndi yawo. Eni ake anthu amangowatchula kuti a Injiniya. Nanenso ndiwatchula choncho, ngakhale chala changa chikukana.

Ine ndine Tiyamike, ndili Fomu 3. Amene mumandidziwa mukudabwa kundiona ndikulankhula pagulu pano. M'kalasi aphunzitsi amachita kundiuza katatu kuti ndikweze mawu. Chibadwire sindinakanganepo ndi munthu wamkulu. Koma ndili ndi kope limene ndimalembamo zimene zandichitikira tsiku lililonse, ndi nthawi yake yomwe. Zimene muwerenge apa sindikupeka. Ndikukopera m'kopemo.

Ndiyambe ndi nyalizo kuti mumvetse chimene chawonongeka.

Agogo anga aamuna anayendetsa thalakitala ku esiteti ya tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka kumera imvi. Pamene ankapuma ntchito, thalakitala yawoyo inali itatayidwa kale kuseri kwa shedi, udzu utamera mpaka m'mawilo. Anaigula ngati chitsulo chakutha. Anthu anawaseka. Iwo anaikokera kunyumba n'kumaikonza pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka inalira. Lero imakoka ngolo ya njerwa, ya mchenga, ya nkhuni. Ndi yakale kuposa amayi anga. Amaiyendetsa ndi amalume, koma palibe amene amamasula bawuti pa thalakitala imeneyo agogo asanavomere.

Chinatsala n'chimodzi, nyali. Nyali zake zenizeni, zimene inabwera nazo pamene inali yatsopano, agogo anazichotsa kalekale poopa akuba. Anazikulunga m'juzi yakale n'kuziika m'sutikesi pansi pa bedi. Ndi ziwiri, zozungulira, zolemera, kukula ngati mbale ya ndiwo. Kunja n'chitsulo. Kutsogolo kuli galasi lochindikala la mizeremizere. M'kati muli kambale kopyapyala konyezimira kamene agogo amakatchula kuti kalilole. Kalilole ameneyo ndiye mwini nyali. Babu limangoyaka, koma wosonkhanitsa kuwala n'kukuponya kutsogolo ndi iyeyo. Kunyezimira kwake ndi siliva wopakidwa mopyapyala kwambiri, woti ngakhale chala chimamufufuta. Ine agogo sanandilolepo kumukhudza. Iwo eni akafuna kuchotsa fumbi amangouzira chapatali.

Amati kuwala kwa nyali zimenezi n'kwachikasu, kumaboola nkhungu ya chiperoni, pomwe nyali zoyera za masiku ano zimangokubwezera nkhunguyo m'maso. Nyengo yozizira ikubwera ndipo amalume amanyamuka m'mawa nkhungu isanachoke mumsewu. Ndiye agogo anati nthawi yakwana, nyali zibwerere pamalo pake.

Ntchito yake inali yochepa. Mawaya anali ataola, ndipo pokhala babu panali patachita dzimbiri. Zikanakhala zaka ziwiri zapitazo agogo akanakonza okha tiyi asanazizire. Koma chaka chatha anadwala sitiroko, dzanja lamanzere silikugwiranso. Aka kanali koyamba pa moyo wawo kupereka chinthu cha thalakitalayo kwa munthu wina.

Anasankha ine kuti ndikapereke. Amayi amathyola tiyi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Amalume, malinga ndi agogo, amaponya zinthu m'ngolo ngati maungu. “Tiya ndi wosamala,” anatero. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndilembe pa pepala mawu awa: Sinthani mawaya. Wotchererani ndi mtovu pokhala babu. Kalilole musamukhudze ndi chilichonse, ngakhale nsalu, ngakhale madzi. Mawu omalizawo anandiuza kuti ndidule mizere iwiri pansi pake. Ndinadula.

Lolemba ndinafika pa galajapo nthawi ili 2:50 masana, ndili m'yunifolomu, nyali nditazikulunga m'chitenje cha amayi. M'minibasi kondakitala anafuna kuponya chikwama changa kumbuyo, ndinachikumbatira pamiyendo mpaka anandisiya. A Injiniya ndinawapeza pa bawo pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo kwa galaja. Ndinapereka moni. Palibe anayankha. Ndinaima pambali mphindi makumi awiri. Itakwana 3:10 ndi pamene anatembenuka.

“Iwe, ukufuna kutchajitsa foni?”

Ndinagwada pang'ono, n'kumasula chitenje. Ananyamula nyali imodzi ndi dzanja limodzi, n'kumaigogoda ndi chala ngati akugula chivwende.

“Izi mwazifukula kumanda ati?”

Anzawo a pa bawo anaseka. Iwo anapitiriza, ati zinthu zimenezi ndi za nthawi ya atsamunda, ndikazitaye kudzala, andigulitse nyali zoyera za pulasitiki zija amaika pa njinga zamoto. Ati zimenezo zimawala mpaka kuphiri. Ndinati agogo akufuna zomwezi, bambo. Ndinatulutsa pepala n'kuyamba kuwerenga. Mzere woyamba ndinamaliza. Wachiwiri ndinamaliza. Wachitatu anandidula pakati.

“Mwana iwe, ine ndinayamba kukonza magetsi a malole amayi ako asanakubereke. Agogo akowo ndi dalaivala. Ine ndine injiniya. Wamva kusiyana kwake?”

Ndinati ndamva, bambo, koma chonde pepalali likhale pamodzi ndi nyalizo. Analilandira osaliyang'ana n'kulikankhira m'thumba la ovolosi. Mtengo anati K18,000, yonse pompo. Ndinapereka. Nditafunsa za risiti anandilozera nkhope yawo, ati risiti ndi imeneyo. Anati ndibwere Lachitatu 3 koloko, ndidzapeza zonse zatheka.

Lachitatu ndinafika 3:05. A Injiniya kulibe. Ndinapeza akazi awo, amene amakhala pa kauntala kugulitsa mababu. Ati abambo apita ku Limbe kukagula zipangizo. Zipangizo zanji? Waya wa mamita awiri mpaka ku Limbe? Pa kauntala pomwepo panali mpukutu wonse wa waya ukulendewera pa msomali.

Ndinasuzumira m'kati. Nyali za agogo zinali pansi, pa simenti, pafupi ndi khomo pamene aliyense amadutsa. Imodzi inali itatsegulidwa. Galasi lake analitsamiritsa kukhoma, ndipo m'chitsulo chake anali atathiramo mabawuti a galimoto ina. Chitenje cha amayi chinali pa benchi, chakuda ndi oyilo. Ndinapempha motsitsa mawu ngati nyalizo zingaikidwe pamwamba, pa shelefu.

“Bwanji, zikumva kuzizira?” anatero mayiwo. “Zitsulo zimenezo, mwanawe. Ndipo m'katimo salowa makasitomala.”

Apa ndi pamene ndimadziimba mlandu. Ndinafuna kuwauza za kalilole. Koma ndinachita manyazi. Ndinadzitonthoza kuti pepala lili ndi a Injiniya, aliwerenga. Ndinatsanzika mwaulemu ngati munthu amene wathandizidwa.

Kunyumba ndinapeza agogo pakhonde, maso kumsewu. “Zabwera?” Ndinati ayi agogo, akuti Lachisanu. Za pa simenti sindinanene. Ndinangozilemba m'kope.

Lachisanu, 2:55. A Injiniya analipo. Ati ntchito sinatheke chifukwa magetsi azima, chowotcherera sichingatenthe. Akulankhula choncho wailesi ya m'galajamo ikulira. Mafoni a anthu ali mndandanda pa thebulo, onse akutchajidwa. Firiji ya golosale yoyandikana nayo ikung'ung'udza. Kodi magetsi a pa Chinakanaka amasankha? Amalowa m'wailesi, amalowa m'mafoni, akafika pa nyali za agogo anga n'kubwerera?

Sindinafunse zimenezo. Ndinazifunsa mumtima mokha. Ndili chiimire pomwepo panafika dalaivala wa minibasi wofuna nambala ya foni ya munthu wina wogulitsa mabatire. A Injiniya anapisa m'thumba la ovolosi, anatulutsa kapepala kopindikapindika, anakang'amba pakati, n'kulemba nambalayo kuseri kwake. Ndinaona zolemba zanga. Ndinaona mizere iwiri ija ikulowa m'thumba la dalaivala wa minibasi, n'kukwera naye ulendo wa ku Thuchila.

Ndinati, “Bambo, pepala limenelo ndi la agogo.”

“Zonse zili m'mutu muno,” anatero akugogoda chipumi. “Ukundithamangitsa ngati ndakuba nkhuku bwanji? Bwera Lolemba.”

Ulendo uliwonse wopita ndi kubwera ndi K2,000. Ndalama imeneyo amayi amaipeza ataweramira tiyi ndi dengu kumsana. Koma nkhani yanga si imeneyo.

Lolemba lapitali ndinafika 3:15. Kwa nthawi yoyamba a Injiniya anandiona ndisanawapatse moni. Anadzuka pa bawo okha.

“Bwera kuno, mdzukulu wa adalaivala, udzaone ntchito ya anthu odziwa!”

Anandipatsa nyali imodzi yotsekedwa bwinobwino, galasi atalipukuta mbee. Ndisanaone kanthu, mphuno ndiyo inayamba kumva. Fungo la penti. Ndinayang'ana kudzera pa galasi. Ukayang'ana m'nyali imeneyi umayenera kuona nkhope yako yaing'ono itazondoka, ndakhala ndikuiona kuyambira ndili mwana. Sindinadzione. Munali motuwa ngati denga latsopano la malata, ndipo chakumunsi penti anali atayenderera n'kuuma timadontho.

“Bambo, kalilole mwamutani?”

Anayankha monyadira. Ati anali atachita chikasu ndi ukalamba, ndiye anamutsukitsa. Ati atatsukidwa kunatuluka mkuwa, umboni woti chinthucho chinali chotha kale. Ndiye iwo mwa chifundo chawo agula kachitini ka penti wa siliva n'kupopera, ndipo ndalama ya pentiyo sandilipiritsa. Anaima kudikira kuti ndinene zikomo.

“Nanga inayo ili kuti?”

“Ili kuseri. Amayi akuimalizitsa.”

Pamenepo ndi pamene ndinamva phokoso limene linali likumveka nthawi yonseyi, ine osalilabadira. Kwe, kwe, kwe. Mtsikana aliyense wa kuno amalidziwa phokoso limenelo.

Sindikukumbuka kuti chikwama ndinachiponya pati. Ndinathamanga kudutsa m'galaja muja salowa makasitomala, kulumpha matayala, n'kutulukira khomo la kuseri. Mayi aja anali pa kampando, beseni la madzi a sopo lili kutsogolo, kamulu ka mchenga pambali. Mapoto a nkhomaliro anali atawamaliza, atawayanika pa thandala. Dzanja lamanja anagwira sitiliwaya. Dzanja lamanzere anagwira kalilole wachiwiri, akudontha madzi, waya atafika kale m'mphepete mwake.

“Siyani!”

Mawu amenewo sindikudziwa kumene anachokera. Nkhuku zimene zinali pa thandala zinabalalika. Ndinamutsomphola kaliloleyo m'manja mwawo, ine amene sindinalandepo munthu ngakhale pensulo.

“Ii! Mwana uyu wapenga kodi? Ine ndikukuthandiza kuti chiwale!”

“Anakuuzani ndani kuti mukweche?”

“Si abambo akunyumbawa? Anati tsuka timbale iti tiwale ngati mapoto ako. Nanga ine ndidziwa bwanji? Choyambacho chinandivuta, ndinachita kuwonjezera mchenga.”

Kuwonjezera mchenga. Mwamva? Chinthu chimene agogo anachisunga m'juzi zaka zonsezi, osachikhudza ngakhale ndi chala, anachita kuchiwonjezera mchenga.

Mayiwo sindikuwada kwambiri. Anachita zimene anauzidwa, mmene amadziwira. Amene anapatsidwa pepala si iwo.

A Injiniya anatulukira, a pa bawo ali pambuyo pawo. Anayamba ndi mwambo. Ati ana a sukulu a masiku ano alibe ulemu, ati ndawachititsa manyazi akazi awo, ati kwathu anandilera ndani. Kenako ati ndibweze kaliloleyo chifukwa pa galaja pawo katundu satuluka ntchito isanathe. Anatambasula dzanja. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, kalilole nditamugwira m'mphepete mokha mmene agogo amagwirira.

Ndinalira. Zimandinyansa kuti ndinalira, koma ndalonjeza kulemba zoona. Ndikulira choncho ndinanena mawu a pa pepala paja onse, pamtima, mokweza, mpaka kumapeto. Sinthani mawaya. Wotchererani ndi mtovu pokhala babu. Kalilole musamukhudze ndi chilichonse, ngakhale nsalu, ngakhale madzi. Ulendo uno palibe anandidula.

Mukudziwa chimene anayankha munthu wamkulu, wa ana ake, pamaso pa anthu?

“Pepala lanji? Ine sunandipatse pepala.”

Pamenepo bambo wina wa pa bawo, wachikulire, wovala chipewa cha ulusi, anakhosomola.

“Ayi a Injiniya, pamenepo musatinamizire mwanayu. Pepala anapereka, tinalipo. Mpaka munamufunsa ngati wamva kusiyana kwa dalaivala ndi injiniya.”

“Kusiyanako ndiye tikukuona lero,” anatero wina kumbuyo.

Anthu anaseka, koma ulendo uno sankaseka ine. Bambo a chipewa cha ulusi, ngati muli pagulu pano, zikomo. Dzina lanu sindikulidziwa.

A Injiniya ataona kuti zavuta anasintha nyimbo. Ati chabwino, tisakangane pa zinthu zakutha. Andipatsa nyali ziwiri za pulasitiki zatsopano, zaulere, ine ndisiye zakalezo pa galaja ngati zitsulo zotaya. Ndifunse nawo: ngati ndi zakutha, mukuzifuniranji? Sabata yatha munati ndikazitaye kudzala. Lero dzalalo lasanduka galaja yanu?

Ndinati ayi, ndikufuna katundu wa agogo yense. Analowa m'kati mokwiya, n'kuponya chitsulo cha nyali yachiwiri pa benchi. Galasi analiponyanso pomwepo. Linagubuduzika kulunjika kumapeto kwa benchi, ndinaliwakha ndi bondo. Timabawuti tamkuwa tomangira nyaliyo timakhala tinayi. Anandipatsa tiwiri. Ati tinato sakudziwa. Ndinagwada pa simenti ndi yunifolomu yanga n'kumapapasa m'oyilo ndi m'fumbi, iwo ataima pamwamba panga manja m'chiuno. Kamodzi ndinakapeza pansi pa batire lakutha, kena m'mphako ya simenti pafupi ndi khomo.

Za ndalama ati ndiiwale, inalowa ntchito. Ntchito yake iti? Nditatembenuza nyali yopentedwa ija ndinaona mawaya ake. Sanawotcherere. Anangowapota ndi zala n'kukulunga ndi timizere ta jumbo yakuda. Jumbo, anthuni. Yoikamo tomato. Nyali yachiwiri sanaikhudze n'komwe mawaya ake. Masiku asanu ndi atatu, ntchito imene anaigwira ndi mtima wonse ndi imodzi yokha, imene anauzidwa kuti asaigwire.

Ndinachoka 4:05. Chitenje cha amayi ndinachisiya, sichikanathekanso kuchapa. Kalilole wopulumukayo ndinamukulunga mu juzi yanga ya sukulu, mbali yonyezimira isakukhudza nsalu, ndipo m'minibasi ndinamunyamula m'manja njira yonse.

Kuchokera pa siteji kufika kwathu ndi mphindi khumi. Tsiku limenelo ndinayenda theka la ola. Ndinkakonza mawu oti ndikanene, koma onse ankathera panjira.

Agogo anali pakhonde. “Zabwera?”

Ndinati zabwera, agogo. Ndinagwada n'kuika nyali yopentedwayo pamiyendo pawo.

Anainyamula ndi dzanja lawo logwiralo. Anainunkhiza. Anandiuza kuti nditsegule galasi, ndinatsegula. Anakanda pentiyo pang'ono ndi chikhadabo, anachoka, ndipo pansi pake panaoneka mkuwa wokalikakalika, mizere yozungulira ngati kunsi kwa poto. Anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako analankhula mawu ochepa m'Chilomwe, chimene amalankhula akamapemphera okha kapena akamva ululu. Sindinamve tanthauzo lake, ndipo sindinafunse.

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa simenti mpaka pa beseni. Ndinawauzanso kuti Lachitatu ndikanatha kuwauza mayi aja koma ndinachita manyazi. Anangoti, “Winayo.”

Ndinawapatsa kalilole wopulumuka uja, anamupendeketsa kudzuwa. M'mphepete muli kachilonda kotalika ngati chikhadabo pamene waya anayamba kudya, ndipo sopo anasiya mawanga. Pakati ponse ndi pabwino. Anandiuza kuti, ulendo uno wokha, ndiwiritse madzi, ndiwasiye azizire, ndithire pang'onopang'ono kuti sopo achoke, osapukuta, kenako ndimuvundikire pa timitengo tiwiri aume yekha. Ndinachita zomwezo.

Dzulo nditaweruka kusukulu tinakonza mawaya a nyali yachiwiriyo tokha. Chowotcherera chamagetsi tilibe. Agogo anandiuza kuti nditenthe msomali waukulu pa mbaula. Ine ndinkagwira waya ndi pulayala, iwo n'kumadonthetsa mtovu. Ndinadziwotcha chala kamodzi. Tinayamba 3:30, itakwana 4:10 tinali titamaliza. Mphindi makumi anayi. Nkhalamba ya dzanja limodzi ndi mtsikana wa Fomu 3, ndi msomali. A Injiniya, kodi pamenepa panafunika ulendo wa ku Limbe?

Amalume ananyamula batire n'kulilowetsa m'chipinda chosungira chimanga, chimene chilibe zenera. Tinatseka chitseko. Tinayamba ndi nyali yopulumuka. Kuwala kunagwa pakhoma kozungulira bwinobwino, kwachikasu, kolimba, mpaka tinaona nyerere zikuyenda mumng'alu. Amalume anaimba mluzu. Kenako tinalumikiza yopentedwa ija. Kunangoti mbuu, ngati koloboyi wotha mafuta. Pakhoma panalibe chozungulira chilichonse. Patangopita kanthawi babu litatentha, penti anayamba kununkha ndi kutuluka matuza.

“Zimitsa,” anatero agogo.

Amalume atatuluka ndi batire, agogo anatsala atakhala pa thumba la chimanga. Ndinkadikira kuti andikalipire. Ndinkafuna kuti andikalipire, mwina mtima ukanapepuka. Anandiitana kuti ndiyandikire.

“Tiya, pepa mdzukulu wanga. Ndinakusenzetsa katundu wa akuluakulu. Ndinakutuma kwa munthu amene sindinaone manja ake. Kulakwa n'kwanga.”

Ndi mawu amenewo amene andichititsa kubwereka foni ya amayi. Kope langa silikanakwanira.

Amalume afunsa kwa okonza magalimoto a pa Thuchila, aimbiranso anzawo a ku Limbe. Aliyense akuti kalilole wa mtundu umenewu sagulitsidwanso, ndipo palibe amene akudziwa munthu wobwezeretsa siliva wake. Lero m'mawa thalakitala yanyamuka ndi nyali imodzi. Mbali inayo kwangotsala chitsulo chogwirira. Agogo akana kuikapo yopentedwayo, akananso ya pulasitiki. Ngati alipo pagulu pano amene akudziwa mmisiri weniweni wa ntchito imeneyi, kapena amene anaona nyali yotere pa thalakitala yakufa ku esiteti ina iliyonse, chonde lembani m'munsimu. Amayi aziwerenga akaweruka.

Enanu amene muli ndi chinthu chakale chimene mumachikonda, kaya wailesi ya bambo anu, kaya makina osokera, kaya nyali ngati izi, musachisiye pa galaja imene mwini wake amaseka katundu wanu asanamutsegule. Akaseka, nyamulani muzipita. Akadula mawu anu pakati, bwerezani mpaka amve. Ndipo musanachoke, kasuzumireni kuseri muone ngati kuli beseni.

Tsopano inu a Injiniya. Ndikudziwa kuti akazi anu ali pagulu lino, ndimaona akutsatsa mababu. Mayi, awerengereni mokweza, pa bawo pomwepo.

Pepala linali ndi mizere itatu yokha. Chinakuvutani kuwerenga n'chiyani? Kalilole woyamba atatuluka mkuwa, munaona ndi maso anu kuti zalakwika. Bwanji simunaime? Bwanji munatumiza wachiwiri ku beseni lomwelo? Munapopera penti kuti mukonze, kapena kuti mwana wamanyazi asazindikire mpaka akafike kwawo? Ndikanachedwa ndi mphindi zisanu, minibasi ikanaima pa siteji ina imodzi, mukanandipatsa nyali ziwiri zakufa n'kudikira zikomo kawiri?

Nyali za pulasitiki zanuzo sungani. Siliva wa agogo simungamubweze, anapita ndi madzi otsukira mapoto. Chimene mungathe n'chimodzi. Kwathu si kutali. Mukatsika pa siteji funsani mwana aliyense kuti kwa agogo a thalakitala n'kuti, akulozerani. Mudzawapeza pakhonde. Mudzaime pamaso pawo, mudzanene ndi pakamwa panu chimene munachita.

Pa anthu onse a m'nkhaniyi amene wapepesa ndi mmodzi, ndipo ndi amene sanalakwe kanthu. Agogo apepesa, a Injiniya. Inu mukudikira chiyani?